Matope a ku Lobi Amakafika Kunyanja

Nkhani ya kuonongeka kwa nyanja ikamveka pa wailesi, ambiri a ife kuno ku Lobi timaiyesa nkhani ya asodzi a ku Salima ndi ku Mangochi. Timati ife ndi a kumapiri, alimi a mbatatesi ndi kabichi, ndipo bwato sitinaligwirepo. Koma mlandu umenewu uli pakhomo pathu pomwe.

Mvula yogwa m'mapiri a Dedza imatsikira m'timitsinje tothira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira mu Nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Kuchoka m'nyanjamo madzi amalowa mu Shire, kenako mu Zambezi, mpaka kukafika mu nyanja yamchere ya Indian Ocean ku Mozambique. Choncho chimene tataya mu khwawa la kuseri kwa nyumba chayamba ulendo wautali.

Choyamba chimene timatumiza kunyanja ndi dothi. Tagwetsa mitengo kuti tiotche makala ndi njerwa, talima madimba mpaka m'mbali mwenimweni mwa mtsinje, tazula bango ndi nsenjere zimene zinkagwira nthaka. Mvula ikagwa, chonde chimene tinagulira feteleza wodula chimakokoloka. Nsomba ya mpasa imakwera mitsinje ngati Linthipe ndi Bua kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. M'nyanja namo matope amatchinga kuwala kwa dzuwa, ndipo ndere zimene nsomba za mbuna zimadya pa matanthwe sizimera bwino. Mlimi wataya chonde, msodzi wataya nsomba, onse ndi khasu limodzi.

Chachiwiri ndi majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti la Supreme linatsimikiza chiletsocho mu 2019, komabe tsiku la msika likatha, majumbo amangoti mbwee m'ngalande. Pulasitiki saola ngati tsamba la nthochi. Amangophwanyika kukhala tizidutswa timene nsomba zimameza, ndipo nsombazo ndi zomwe timadyera nsima.

Chachitatu ndi kamwa yathu. Masikito amene timalandira kuchipatala kuti titeteze ana ku malungo, ena amawasandutsa maukonde okokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Ife tikamagula kasawala, mwana wa chambo amene sanaswepo, tikulipira ntchito yomweyo. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ku Nyanja ya Malombe chambo chinagwa kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anganene kuti umphawi ndiwo ukutikakamiza, ndipo mawu amenewa ali ndi choonadi: dimba la m'mbali mwa mtsinje ndilo limalipira fizi ya mwana. Komatu anthu a pa chilumba cha Mbenje ku Salima si olemera kutiposa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a dera la Makanjira amatseka usodzi pa chilumbacho nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Iwo anazindikira kuti wosauka ndiye woyamba kuvutika nyanja ikauma ndiwo, pakuti wolemera amagula nyama.

Mu 2015 Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si', anaphunzitsa kuti kuononga chilengedwe n'kulakwira osauka ndi ana amene sanabadwe. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo tinangoisungitsidwa.

Tsono sabata ino tisangodandaula. Gulu lililonse la achinyamata m'miphakati yathu lisankhe khwawa limodzi, lifese mbewu za mitengo tsopano kuti mvula ikadzayamba tidzabzale pamodzi ndi udzu wa vetiva. Popita ku msika tinyamule dengu kapena kathumba ka nsalu. Kasawala timukane ngakhale atsike mtengo, ndipo masikito akhale pa bedi. Mutu umodzi susenza denga: tikambirane ndi mafumu athu kuti pakhale malire a dimba ndi mtsinje, ndipo ife achinyamata tikhale oyamba kuwalemekeza m'minda ya makolo athu.