Mphindi 20 Zimene Zingapulumutse Mawondo a Atsikana

Ndili ku sekondale, m'timu yathu ya ntchemberembaye munali mtsikana wina amene tonse tinkamudalira pakati pa bwalo. Tsiku lina tikupikisana ndi sukulu ina, analumpha kuti awakhe mpira, natera ndi mwendo umodzi. Palibe anamukankha kapena kumutchera mwendo. Tinangoona munthu ali pansi, manja ali pabondo, akunena kuti wamva "thu!" mkati. Aphunzitsi anati wangobinya, tikamuthowe ndi madzi otentha. Pofika madzulo bondo linali litatupa ngati dzungu. Anachira ndithu mpaka kumayenda, koma akati atembenuke mofulumira bondolo linkagwedera, ndipo mpira anausiyira pomwepo ali Fomu 3. Kuhositelo tinkangoti ndi tsoka. Ena, monga mudziwa, ankanong'ona kuti alipo amene anam'chitira nsanje.

Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti kuvulala kotereku nthawi zambiri kumapeweka, ndipo amene ali ndi mphamvu yokupewa ndi mphunzitsi wa timu, m'mphindi zoyambirira za maphunziro a tsiku ndi tsiku.

Mkati mwa bondo muli mtsempha wolimba umene umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, kuti la msongolo lisamaterereke kupita kutsogolo kapena kupotoka. Madokotala amautchula kuti ACL. Ukaduka, wosewera amene akufuna kubwerera m'bwalo kawirikawiri amafunika opaleshoni, kenako miyezi 9 mpaka 12 yolimbitsa mwendo. Ngakhale zonse zitayenda bwino, ambiri amadzavutika ndi nyamakazi ya bondo asanakalambe. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse amene amadula mtsemphawu amakhala kuti sanagundane ndi wina aliyense. Amavulala potera, poima mwadzidzidzi kapena pokhota. Ndipo pa masewera ofanana, akazi amavulala motere kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna.

Amalawi sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo. Mwai Kumwenda anadula mtsempha umenewu mu 2018 akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, ndipo Malawi Queens inapita ku mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool popanda iye. Anabwerera mwamphamvu, moti mu 2020 timu yake itatenga chikho, iye ndiye anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa masewera omaliza. Koma tisaiwale kuti Mwai anali m'manja mwa madokotala ndi akatswiri a mafizo a timu yolemera. Mtsikana wa kumudzi akavulala chimodzimodzi amalandira Panado ndi bandeji, basi kwatha. Ku England nako, Leah Williamson ndi Beth Mead analephera kupita ku mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa miyendo wa 2023 chifukwa cha mtsempha womwewu. Ngati olemera akulira, kuli bwanji ife amene opaleshoni yotere ndi maloto?

Pali anthu amene amati thupi la mkazi linalengedwa choncho, palibe chochita. N'zoona kuti kapangidwe ka chiuno ndi bondo, ngakhalenso mahomoni, zimatchulidwa pa zifukwa zake. Zimenezo sitingazisinthe. Koma pali zifukwa zina zimene zili m'manja mwathu. Atsikana ambiri amatera miyendo itawongoka, bondo likulowa mkati ngati likufuna kukagunda linzake, pamene minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi ya m'chiuno, imene imayenera kugwira bondolo, ndi yofooka. Kateredwe ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimaphunzitsika. Mu ntchemberembaye vutoli limakula chifukwa lamulo sililola kuyenda ndi mpira. Wosewera amathamanga ndi liwiro lonse, nawakha mpira m'malere, kenako ayenera kuima nji pa phazi limene watera nalo, mwinanso pa simenti kapena pa dothi louma lokumbikakumbika. Mphamvu yonseyo imathera m'bondo ndi m'kakolo.

Umboni woti maphunziro amathandiza ulipo, ndipo si wa dzulo. Mu 2006 akatswiri a zaumoyo a bungwe la FIFA, mogwirizana ndi anzawo a ku Oslo ndi ku Santa Monica, anakonza ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, imene imatenga mphindi 20. Itayesedwa ku Norway pa atsikana 1,892 a zaka 13 mpaka 17, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kwa mtundu uliwonse kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene kuvulala kwakukulu kunatsika pafupifupi ndi theka. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 pa atsikana 4,564 anapeza kuti masewera olimbitsa bondo a mphindi 15, kawiri pa sabata, anachepetsa kuduka kwa ACL ndi 64 pa 100 alionse. Bungwe la Netball Australia nalo linakhazikitsa ndondomeko yake yotchedwa KNEE mu 2015. Wina angati izi ndi za azungu a mabwalo osalala. Komatu 11+ inayesedwanso ku Lagos, ngakhale kuti kumeneko anali anyamata, ndipo lipoti la mu 2014 linaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti m'ndondomekozi mulibe chofuna ndalama. Muli kuthamanga pang'onopang'ono uku ukutsegula chiuno, kuima ndi mwendo umodzi uku mukuponyerana mpira, kunjuta ndi kudzuka, kulumpha ndi kutera mofewa mawondo atapindika ndiponso ataloza kumene zala za kuphazi zaloza. Mulinso kugwada mnzako atakugwira akakolo, iwe n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono ukudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Amenewa amapweteka tsiku loyamba, ndawayesapo, ndipo m'mawa mwake ndinkatsika masitepe ngati gogo. Koma malire a bwalo angalembedwe ndi phulusa, ndipo m'malo mwa makoni mungaike mabotolo apulasitiki odzaza mchenga.

Nanga bwanji sitichita? Mphunzitsi wa timu ya pasukulu amakhala ndi ola limodzi dzuwa lisanalowe, atsikana ena akuyenera kukatunga madzi ndi kuphika. Kwa iye mphindi 20 n'zambiri, ndiye amangoti zungulirani bwalo kawiri, tambasulani miyendo, tiyeni tiyambe. Ndimamumvetsa, koma akulakwitsa masamu. Mphindi zimenezi sizibwera mowonjezera, zimalowa m'malo mwa kuzungulira bwalo kuja. Ndipo wosewera mmodzi wodalirika akakhala panja chaka chathunthu, timu yataya zambiri kuposa mphindi zonsezo kuziphatikiza. Vuto lina ndi kutopa nazo. Ofufuza a ku Norway ndi ku Sweden omwe aja anaona kuti phindu linali lalikulu kwa amene ankachita mokhulupirika. Timu imene imachita sabata ziwiri zoyambirira za teremu n'kusiya isayembekezere kanthu. Ngakhale ochita mokhulupirika ena adzavulalabe, pakuti palibe ndondomeko imene imachotseratu ngozi.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti nkhaniyi ingasiyidwe kwa mphunzitsi aliyense payekha. Mabungwe a Netball Association of Malawi ndi Football Association of Malawi ali ndi mphamvu yonena kuti munthu asalandire satifiketi ya uphunzitsi wa timu asanaonetse, pabwalo penipeni, kuti angathe kutsogolera masewerawa ndi kuzindikira bondo limene likulowa mkati. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi achite chimodzimodzi, chifukwa atsikana ambiri amayamba kuwakha mpira ku pulayimale, ndipo kusiyana kwa kateredwe pakati pa iwo ndi anyamata kumayamba kuoneka akamatha msinkhu. Ife a m'madipatimenti a zilankhulo tilinso ndi mbali yathu. Malangizo a 11+ ndi a KNEE analembedwa m'Chingerezi chodzaza mawu a zachipatala. Kuwaika m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo, pa pepala limodzi lokhala ndi zithunzi limene mphunzitsi angapinde n'kuika m'thumba, ndi ntchito imene kalasi imodzi ya zomasulira ingamalize m'semesita imodzi.