Sukulu ya mwana wa ulumali: kaoneni nokha musanamulembetse

Sukulu zikamayandikira kutsegulira mu September, makolo a ana omwe ali ndi ulumali amakhala ndi nkhawa yakuti mwanayo amutumize kuti. Lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, likuletsa kukaniza mwana maphunziro chifukwa cha ulumali. Koma kulembedwa m'kaundula sikutanthauza kuti mwana akuphunzira. Sukulu yabwino kwa mwana wanu ndi yomwe angathe kufikako tsiku lililonse, kukhala bwino m'kalasi, kugwiritsa ntchito chimbudzi komanso kupeza mphunzitsi womulabadira.

Yambirani kuchipatala. Ana ambiri ovutika kuyenda komanso ochedwa kugwira zinthu m'mutu ndi omwe ubongo wawo unavulala pobadwa, kapena chifukwa cha chikasu chachikulu ali khanda, malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Kuuma ziwalo, kutuluka dovu kapena kulankhula movutikira sikusonyeza kuti mwana alibe nzeru. Pemphani kuti amuyeze maso ndi makutu, chifukwa mwana wosamva bwino amaoneka ngati wosagwira mutu pomwe vuto lili m'khutu. Zomwe apeza azilembe m'buku lake la kuchipatala kuti mukaonetse aphunzitsi.

Dziwani kuti sukulu zapadera zodziwika m'dziko muno n'za ana osamva, monga ya Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, kapena osaona, monga ya Chilanga ku Kasungu. Ndondomeko ya boma ndi yakuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Sukulu zina zapulaimale zili ndi chipinda chapadera chothandiziramo anawa komanso aphunzitsi omwe anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, koma n'zochepa. Funsani mlangizi wa sukulu za m'dera lanu, yemwe amadziwika kuti PEA, ngati ilipo pafupi.

Musadalire mbiri ya sukulu. Pitani ndi mwanayo nthawi ya makalasi. Onani ngati njinga yake ingalowe pakhomo la kalasi ndi la chimbudzi, poti mwana wokwawa pansi pa chimbudzi chonyowa amatenga matenda otsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba. Onani chiwerengero cha ana mu Sitandade 1, ndipo funsani ngati wanuyo angakhale kutsogolo, pampando womuthandiza kukhala tsonga. Ganiziraninso njira: kodi nthawi ya dzinja mudzatha kumubereka kapena kumukankha panjinga m'mawa uliwonse?

Ngati mwana ali ndi khunyu, aphunzitsi adziwe kuti matendawa si opatsirana. Akagwa amugoneke chammbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo akapitirira mphindi zisanu akuphupha athamangire naye kuchipatala. Mankhwala asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Sukulu yogonera komweko imakopa chifukwa imachotsa vuto la mayendedwe. Komabe mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi yemwe sadzidyetsa, sadzisambitsa ndiponso sangafotokoze wina akamuchitira nkhanza, amakhala wotetezeka pafupi ndi makolo ake. Kawirikawiri sukulu yapafupi yomwe mphunzitsi wamkulu ndi komiti akonzeka kukonza khomo ndi chimbudzi imaposa yakutali yotchuka. Ngati mwanayo sanakwane zaka zoyamba pulaimale, muyambitseni ku mkombaphala kuti azolowere anzake, uku akupitiriza mafizo.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi mumadziwa makomo omwe muli ana osatuluka panja. Perekezani makolo awo kuchipatala komanso kwa mphunzitsi wamkulu. Teremu ikatha, khalani pansi ndi makolo ndi aphunzitsi kuona chomwe mwana waphunzira, kaya ndi kugwira pensulo, kutchula mayina a anzake kapena kupempha kupita kuchimbudzi. Ngati palibe chasintha, kambiranani zoti zikonzedwe m'malo mongomusiyitsa sukulu.