Bere Likachotsedwa, Wosankha Njira Akhale Mwini Thupi

Amayi ambiri kuno ku Angónia akamva chotupa m'bere amakhala chete miyezi yambiri. Chimene amaopa kwenikweni ndi mpeni wa dotolo: akuti bere likachoka, ukazi watha ndipo bambo adzakwatira wina. Mantha amenewa ndiwo akupha anthu, chifukwa khansa ya m'bere imachizika bwino ikapezeka msanga.

Tiuzane zoona, abale anga. Bere likachotsedwa pali njira zinayi. Mayi angathe kukhala chomwecho, chifuwa chosalala. Angathe kuvala bere lochita kupanga, lansalu kapena lasilikoni, m'kati mwa kamisolo. Angathenso kuchitidwa opaleshoni ina yoika kathumba ka silikoni pansi pa khungu. Njira yachinayi ndi yoti madotolo atenge mnofu pamimba kapena kumsana kwa mayiyo n'kuumba bere lina.

Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Kathumba ka silikoni sikakhala moyo wonse. Patapita zaka kangafune kusinthidwa, ndipo mwa amene adawotchedwa khansa ndi makina, mnofu wozungulira kathumbako umatha kulimba ndi kupweteka. Kuumba bere ndi mnofu wa mwini wake ndi opaleshoni yaitali, imasiya chipsera chachiwiri, ndipo mayi amakhala masabata angapo osagwira khasu kapena kusenza mtsuko. Wolima mbatata ya kachewere ndi chimanga aganizire zimenezi. Bere loumbidwalo silitulutsa mkaka, ndipo silimva kukhudza ngati loyamba lija.

Palinso ulendo. Madotolo odziwa kuumba bere ndi ochepa m'dziko muno, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Makina owotchera khansa adatsegulidwa mu 2019 ku Hospital Central de Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera kuno. Banja limene lagulitsa ng'ombe kuti lipeze thiransipoti liyambe ndi chithandizo chopulumutsa moyo. Kuumba bere sikuchiza khansa, ndipo kungachitike ngakhale patapita zaka.

Ife tikuti wosankha akhale mayi mwini. Bambo, apongozi ndi ankhoswe amuthandize maganizo ndi ndalama, koma asamulamule, pakuti chilonda chili pathupi pake. Amene wasankha kukhala chifuwa chosalala asasekedwe pachitsime. Amene akufuna bere lina asanenedwe kuti ndi wonyada.

Kwa anamwino ndi madotolo a ku Hospital Rural de Ulónguè ndi ku chipatala chachikulu cha Tete, pempho lathu ndi lakuti muzifotokoza njira zonsezi m'chinenero chathu mayi asanasaine chikalata cha opaleshoni. Inunso amayi, funsani mosaopa, paja safunsa adadya phula.

Mwezi wa Okutobala, umene boma limautcha Outubro Rosa, anthu amakumbutsidwa za matendawa. Koma chotupa sichidikira Okutobala. Mukachimva lero, mawa lawirirani kuchipatala, ndipo inu abambo muwaperekeze.