CHENJEZO: Makina Opsinja Zinyalala Akaima, Musalowetsemo Dzanja

Uthengawu ndi wa aliyense amene ali ndi makina opsinja zinyalala m'khitchini, makamaka abale athu amene mukugwira ntchito m'nyumba za ku America, kumene makinawa amapezeka kwambiri.

Kaya ndi a Whirlpool, KitchenAid kapena GE, makinawa amatsitsa chitsulo chopsinja ndi mphamvu ya pafupifupi tani imodzi, ena kuposa pamenepo. Chitsulocho chikaima panjira, musaganize kuti makina afa. Magetsi akadali momwemo. Musanatsegule chilichonse, zimitsani ndi kiyi, kenako zulani pulagi pakhoma. Ngati pulagi yabisika kuseri kwa kabati, zimitsani pa bokosi lalikulu la magetsi a nyumbayo.

Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Makina akakana kuyaka, onani ngati kiyi ili pa ON komanso ngati dirowa yatsekeka mpaka kumapeto. Kachitini kogwera kuseri kwa dirowa n'kokwanira kuiletsa kutsekeka, ndipo siwichi yachitetezo siilola mota kuzungulira. Apa ndi pamene ena amalakwitsa koopsa: amamata siwichiyo ndi tepi kapena kulumikiza mawaya mwachidule kuti makina aziyenda basi. Chonde musatero. Siwichi imeneyo ndi imene imaletsa chitsulo kutsika dirowa ili yotsegula. Ikawonongeka, gulani ina.

Dirowa ikakana kutseguka, ndiye kuti chitsulo sichinabwerere pamwamba. Musaikanule ndi mpeni kapena chitsulo. Ikankhireni mkati mwamphamvu, muyatsenso makina kuti amalize ulendo wake. Mota ikamalira koma chitsulo osayenda, kawirikawiri ndi giya yothyoka kapena tcheni chomasuka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Koma zinyalala zikakhala zochepa pansi pa dirowa, kusapsinjika kwake si vuto: chitsulo sichifika pansi penipeni.

Choopsa kwambiri ndi zimene timaponyamo. Zitini zopopera mankhwala a udzudzu kapena mafuta onunkhira zimakhala ndi mpweya wogwira moto ngakhale zikuoneka ngati zatha, ndipo zikapsinjidwa zimatha kuphulika. Mabatire a lithium, a m'mafoni ndi m'ndudu zamagetsi, akabooka amatha kuyaka okha, moto wake wovuta kuzimitsa. Penti, petulo, nsanza zonyowa ndi mafuta, ndudu yosazima bwino, zonsezi zisalowemo.

Pochotsa thumba valani magolovesi okhuthala, mulinyamule ndi zogwirira zake, osalikumbatira. Mabotolo osweka amaboola thumba n'kucheka dzanja kapena mwendo.

Mukamva fungo la waya wopsa kapena mukaona utsi, zimitsani magetsi nthawi yomweyo ndipo musayatsenso makinawo mpaka mmisiri atawaona. Ngati pakhomopo pali ana, chotsani kiyi mukamaliza, muiike pamene iwo sangafikire.