Thumba la m'bwato

Omvera athu a kwa Malemia ndi m'chigwa chonse cha Shire, tisanapite ku pulogalamu yotsatira, tikambeko za malire. Kuno ku Nsanje, Mozambique ili tsidya lina la mtsinje basi. Chipata cha boma chili ku Marka, koma bwato silifunsa chiphaso, ndipo tinjira ta m'tchire n'tosawerengeka.

Chamba cholimidwa ku Nkhotakota ndi ku Mzimba chakhala chikutuluka m'dziko muno kwa zaka zambiri, kudutsa Mozambique ndi Zimbabwe mpaka ku Johannesburg. Lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo okha. Chosuta chikadali choletsedwa, musanamizidwe.

Kwa anzathu a tsidya nkhaniyi ndi yokulirapo. Heroin wochokera ku Afghanistan amafika pa ngalawa m'magombe a kumpoto kwa Mozambique, n'kunyamulidwa pa galimoto kupita ku South Africa. Mu Epulo 2020, apolisi anagwira ku Maputo mkulu wina wa ku Brazil wodziwika ndi dzina loti Fuminho, wogwirizana ndi gulu la PCC lozembetsa cocaine.

Koma akuluakulu otere sagwidwa kawirikawiri. Amene amagwidwa ndi mnyamata wa kabaza, kapena msodzi amene wapatsidwa thumba madzulo n'kuuzidwa kuti muli nyemba, asatsegule. Ndalama ya ulendo umodzi imaposa ya nsomba za sabata yonse, ndiye amavomera. Akagwidwa, nambala ya mwini thumba siipezekanso, ndipo mlandu wonse umatsalira iye yekha kukhoti.