Chikwapu aphunzirire pa nsungwi, osati pamsana pa ng'ombe

Pa 15 Sepitembala 2000, mwambo wotsegulira masewera a Olympics mumzinda wa Sydney unayamba ndi munthu mmodzi wokwera pahatchi. Steve Jefferys analowa m'bwalo, hatchi yake n'kuimika miyendo yakutsogolo m'mwamba, iye n'kuliza chikwapu. Chitangolira, okwera pamahatchi ena 120 anakhamukira m'bwalomo. Chikwapucho sichinakhudze nyama kapena munthu. Ntchito yake inali kulira basi.

Ku Australia kuliza chikwapu ndi luso limene anthu amapikisanirana, ana ndi akulu omwe, ndipo zikwapu zapamwamba amaziluka ndi chikopa cha kangaroo chifukwa n'chopepuka koma cholimba. Kumalire a Bavaria ndi Salzburg kuli mwambo wa Aperschnalzen, pamene magulu a anthu amaliza zikwapu motsatizana nyengo yachisanu ikamapita kumapeto. Ku America ambiri anakopeka ndi chikwapu ataonera filimu ya Indiana Jones ya 1981, imene zikwapu zake analuka ndi David Morgan. M'malo onsewa wophunzira amayambira pabwalo lopanda kanthu, ndipo akafuna kuphunzira kulunjika amadzipangira choimikapo chandamale. Kanthu kameneka n'kotsika mtengo moti Mmalawi aliyense woyendetsa ngolo alibe chifukwa chokhalira wopanda.

Choyamba, kodi chimalira n'chiyani? Ambiri amayesa kuti phokosolo limabwera chikwapu chikamenya chinthu kapena chikadzimenya chokha. Ayi. Dzanja likaponya chikwapu, pamapangika kampindiko kamene kamathamanga kuchokera kuchigwiriro kupita kunsonga. Popeza chikwapu chimanka chiwonda, kampindikoko kamanka kawonjeza liwiro mpaka kupitirira liwiro limene mawu amayendera mumpweya, lomwe ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kapena makilomita oposa 1,200 pa ola. Kuphulika kumene timamva kumabadwira pamenepo, mumpweya. Katswiri wa ku Germany, Otto Lummer, anaganizira zimenezi mu 1905, ndipo mu 2002 Alain Goriely ndi Tyler McMillen a pa yunivesite ya Arizona anafotokoza ndi masamu mmene kampindikoko kamachitira. Tanthauzo lake kwa mlimi n'losavuta: chikwapu chimalira bwino chikapanda kugunda kanthu. Chogwera pamsana pa ng'ombe chataya mphamvu yake pachikopa, ndipo kansonga kothamanga chotero kamang'amba khungu.

Tsono choimikapocho amachipanga bwanji? Kumaiko kumene masewerawa ali ofala, ambiri amadula mapaipi apulasitiki a madzi, kulumikiza miyendo pansi ndi mlongoti umodzi pakati, n'kumangirira pegi yoyanikira zovala pamwamba. Pegiyo imagwira chandamale: kapu yopepuka, khadi losewerera, kachingwe ka sipageti wosaphika, kapena kapepala ka nyuzipepala kopindidwa. Ena amaika makandulo oyaka n'kumawazimitsa ndi mphepo ya kansonga, osagwetsa kandulo.

Kuno kwathu palibe chifukwa chopitira kusitolo ya zipangizo zomangira. Chitini chakale cha penti kapena chigubu chodulidwa pakamwa, chodzazidwa mchenga, ndiye tsinde. Nsungwi yowongoka yofika pachifuwa cha wophunzirayo ndiye mlongoti. Chakumtunda amangirirepo kansungwi kena kopingasa, kotalika ngati mkono, pogwiritsa ntchito mphira wa chubu chakale cha njinga. Kunsonga kwa kansungwi kopingasako ang'ambe pang'ono kuti pakhale kamlomo kopanira chinthu, kapena amangirirepo pegi ngati mayi a pakhomopo alola kuti imodzi ichoke pachingwe. Chandamale chili ponseponse m'mudzi: tsamba la mango, kaphesi kouma ka chimanga, udzu wofolerera nyumba, chitsononkho choimika pamwamba pa mlongoti. Kaphesi kouma n'kabwino kwambiri chifukwa kamathyoka malo enieni amene kagundidwa, motero wophunzira amaona yekha ngati waphonya chakumtunda kapena chakumunsi.

Kansungwi kopingasako si kokongoletsa. Chandamale chikakhala pamlongoti penipeni, chikwapu chophonya chimazenga mlongotiwo, ndipo munthu akakoka, zonse zimagwa. Chikakhala pambali, chikwapu chimadutsa mumpweya n'kufika pansi popanda chokola.

Popanga choimikapochi m'pamene amisiri ambiri amalakwitsa, chifukwa mtima wawo umafuna chinthu cholimba. Wina amathamangira kwa wowotcherera zitsulo kuti amupangire choimikapo cha chitsulo, wina amakhoma matabwa ndi misomali. Ndalama zapita, chikwapu nacho chapita. Kansonga kolira kaja ndi timaulusi topota chabe, ta nayiloni, ta khonje kapena tosolola pathumba la feteleza, ndipo tikagunda m'mphepete mwa chitsulo kapena pamutu wa msomali timaduka nthawi yomweyo. Kachingwe kolumikiza nsongayo ndi thupi la chikwapu nakonso kamaperepeseka. Choimikapo chabwino n'chimene chimagonja: chimawerama chikagundidwa, chimagwa osapweteka munthu, ndipo chikathyoka munthu amadula nsungwi ina osadandaula. Waya, misomali yotulukira ndi malata siziyenera kupezekapo. Pansinso pakhale pa udzu kapena padothi lofewa, chifukwa simenti ndi miyala zimadya chikopa.

Mtunda woimapo wophunzira amaupeza potambasula dzanja ndi chikwapu mpaka kansonga kafike pachandamale, kenako n'kulemba mzere pansi ndi phazi. Oyamba kumene amachita bwino ndi chikwapu cha mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Chotalika kwambiri chimavuta kuwongolera.

Wina angafunse kuti nkhani ya masewera a ku Australia ikutikhudza bwanji ife. Ayende m'misewu yafumbi ya ku Mchinji, Dowa, Kasungu kapena Mzimba nthawi yokolola, awerenge ngolo zonyamula chimanga, fodya, njerwa ndi mchenga. Pafupifupi iliyonse ili ndi mnyamata wogwira mkwapulo. Mnyamatayo sanaphunzitsidwepo ndi munthu. Anaonera akuluakulu, n'kupatsidwa mkwapulo tsiku limene anapatsidwa ng'ombe, choncho kuphonya kwake konse kunagwera pa nyama yamoyo: pamsana, pakhutu, nthawi zina padiso. Chilonda cha mkwapulo chimaitana ntchentche, chimachedwa kupola ngati nyamayo ikugwirabe ntchito, ndipo chipsera chake chimatsitsa mtengo wa chikopa. Ng'ombe yozolowera kumenyedwa imayamba kudzidzimuka kapena kuumirira, mwini n'kumati ndi yaulesi, n'kuwonjeza mkwapulo. Abulu ndiwo amazunzika koposa chifukwa anthu anawapatsa kale mbiri ya makani.

Woyendetsa ngolo wodziwa ntchito amalankhula ndi ng'ombe zake pozitchula maina, ndipo akafuna kuti zikhote amaliza mkwapulo mbali imene akufuna kuti zichokeko. Kuti achite zimenezi ayenera kudziwa pamene kansonga kakafike asanaponye dzanja. Luso limenelo limabwera ndi kubwereza, ndipo kubwerezako kuchitikire pa tsamba la mango. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, limene limaletsa kumenya nyama mwankhanza, koma wapolisi sangatsate ngolo iliyonse kumunda. Nsungwi yoimikidwa kuseri kwa khola ingachite zimene lamulo lokha lalephera.

Pali chodandaula china chimene chiyenera kumveka. Kwa Amalawi ambiri chikwapu si chidole. Chikoti cha chikopa cha mvuu chinali chida cha atsamunda ndi akapitawo awo m'minda ya thangata, ndipo nkhanza za pa esiteti ya Magomero zili m'gulu la zifukwa zimene zinautsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 19, analetsa chilango cha kukwapula m'makhoti ndi m'nthambi zina za boma. Munthu wokumbukira zonsezi angaone ngati kuphunzitsa ana chikwapu n'kudzutsa zakale zowawa. Maganizowo ngomveka, koma akuphonya mfundo imodzi. Chikoti n'chachifupi, cholemera, chosalira, chopangidwira kupweteka basi. Mkwapulo wautali wa pangolo uli kale m'manja mwa anyamata, ndipo sudzachokamo ngolo zikadalipo. Chosankha chili pakati pa mnyamata wodziwa kuulunjika ndi wosadziwa.

Chitetezo cha wophunzira mwiniyo chisaiwalike, chifukwa chikwapu cha wophunzira chimakonda kubwerera kwa mwini wake. Avale magalasi, ngakhale otchipa a pamsika, chipewa cha mlomo waukulu choteteza makutu, malaya a manja aatali ndi buluku. Ana ang'ono, agalu ndi nkhuku zikhale kutali kuposa pamene chikwapu chingafike mbali zonse, kumbuyo komwe, poti chimayamba chapita kumbuyo chisanabwere kutsogolo. Ndipo pasapezeke munthu wogwirira mnzake chandamale m'manja kapena pakamwa monga amachitira akatswiri a m'ziwonetsero. Amenewo anatha zaka akuphwanya makapu ndi mapepala asanayerekeze kutero.

Alangizi a ziweto amene amaphunzitsa alimi kumanga goli ndi kusamalira ng'ombe zapangolo aphatikizepo phunziro ili, pakuti silifuna thandizo la mabungwe kapena ndalama za boma. Pa ziwonetsero za zaulimi m'maboma pakhale mpikisano wodula kaphesi ndi mkwapulo, anyamata apeze pochitira matama ndi luso lawo. Ndipo inu eni ngolo, musanapereke ng'ombe zanu kwa mnyamata watsopano, muimikireni nsungwi kuseri kwa khola, mumuuze adule masamba khumi motsatizana. Akalephera, ayambe waphunzira kaye.