Notisi ikafika, m'bale wanu asamve komaliza

Pali nkhani imene ife achinyamata timaikamba kwambiri m'magulu a WhatsApp koma kwathu sitiitchula: m'bale amene tikukhala naye m'nyumba ya lendi pamene alandilodi atipatsa notisi. Kwa anzathu timadandaula kuti mwana wa achemwali amadya kwambiri, kuti msuweni amangogona tsiku lonse. Foni yakumudzi ikalira timati, "Tili bwino, Amayi, musade nkhawa." Ine ndikuona kuti kubisa kumeneku kumawononga kuposa ngongole ya lendiyo, ndipo wovulala kwambiri amakhala m'bale uja.

Momwe zimayambira tonse tikudziwa. Ukangomaliza ku Chanco kapena ku MUBAS n'kupeza kaganyu, ngakhale ka internship kolandira ndalama yongokwanira minibasi, kumudzi kumamveka kuti walembedwa ntchito. Sipapita miyezi itatu, mwana watulukira ndi chikwama ndi kathumba ka ufa. Akuti adikire zotsatira za MSCE ali m'tauni, kapena apezeko sukulu yabwino. Palibe amene amanena kuti akhala mpaka liti, ndipo iwe sungafunse, chifukwa funso lotero limamveka ngati ukumuthamangitsa asanakhale n'komwe pansi. Ngakhale ophunzira a ku Chikanda, amene akudalira ngongole ya sukulu, ena akusunga mng'ono wawo m'kachipinda kamodzi.

Mwambowu sindikuunyoza. Ambiri a ife tafika ku yunivesite chifukwa wina wake anatiyalira mphasa pabalaza pake zaka zinayi. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, malume ndi mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wake ndi udindo wake. Koma udindowu unakhazikika pamalo pamene nyumba inali yomanga wekha pa dothi la makolo, chakudya chili m'nkhokwe, ndipo mwana wobwera anali dzanja lina kumunda. Nyumba ya ku Ndirande kapena ku Mtandire imawerenga mitu. Mpopi ndi umodzi wa pulotu yonse, mita ya magetsi n'njogawana, chimbudzi chikadzadza wolipira ndi mwini nyumba. Malume wa lero ali ndi zaka 24, ndipo alibe ngakhale mpando wake.

Nawonso alandilodi ali ndi mbali yawo. Akamati, "Tinagwirizana munthu mmodzi, tsopano ndikuona atatu," nthawi zambiri sakunama. Komabe tisapusitsike. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, eni nyumba ambiri akufuna kukweza lendi, ndipo njira yachidule ndi kutulutsa wakale n'kulowetsa watsopano wolipiriratu miyezi itatu pa mtengo wina. M'bale wako amangokhala ponamizira. Iwe, chifukwa alandilodi sungawakalipire, mkwiyo wonse umakautulira pa mwana amene sanapemphe n'komwe kubwera.

Ndipo mwanayo amaona. Amaona kuti shuga wayamba kutsekeredwa m'chikwama, kuti ukalowa sumupatsanso moni, kuti ukamayankha foni umatuluka panja. Sadziwa chimene walakwa. Kenako, kutatsala masiku awiri, amauzidwa kuti alongedze. Iwe mwini ukadziphatika kwa mnzako wa kuntchito, satifiketi yako ili m'manja. Nanga mtsikana wa Fomu 3 amene teremu ili pakati? Akabwerera kumudzi, chaka chatayika. Akakakamira m'tauni, amagwera kwa aliyense amene ali ndi denga, ndipo si onse opereka denga amene amapereka mwaulere. Mwezi wathunthu umene akanapezera malo kwa azakhali kapena kukonza zosamukira sukulu ina unathera m'manyazi a munthu wamkulu.

Choncho tsiku limene notisi yafika, m'bale wakoyo amve madzulo omwewo, ndipo amve ndi manambala: lendi ndi yakuti, tatsalira miyezi yakuti, tsiku lotuluka ndi lakuti. Mawa lake foni ipite kwa amene anamutumiza. "Achemwali, pano zavuta. Alandilodi atipatsa mpaka pa 30. Mwanayu sindikumukana, koma ndekha sindikwanitsa. Inu mungathe chiyani?" Mawu amenewa ndi olemera pakamwa, ndikudziwa. Koma banja limene linagwirizana zotumiza mwana liyeneranso kugwirizana zomusunga. Wina atumize thumba la chimanga, wina amene ali ku Johannesburg alipire mwezi umodzi, wina amutenge pa holide. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo pano tikunena denga lenileni.

Ena ati uku n'kuwerengetsera m'bale ngati kasitomala, zachizungu. Ine ndikuti chachilendo kwenikweni ndi kusenza wekha katundu wa banja lonse uli duu, n'kudzaphulika tsiku limodzi. Makolo athu nkhani zolemera ankazikhalira pansi. Ife tatengako mbali yolandira alendo, mbali yokambirana taisiya.

Pali kusiyana, komabe, pakati pa mwana wa sukulu ndi munthu wamkulu wamphamvu zake. Achimwene a zaka makumi atatu amene anabwera "kudzaona za ntchito" chaka chatha, ndipo mpaka lero sanagulepo mayunitsi kapena kutunga ndowa ya madzi, ayenera kupatsidwa tsiku. Osati mwachipongwe, komanso osati pamaso pa anthu, koma tsiku lomveka, ndipo ngati n'kovuta kuwauza wekha, uitane wamkulu wa m'banja amene iwo amamumvera. Mlendo ndi mame, inde, koma mame ofika mpaka masana amafunika dzina lina.

Kwa alandilodi nako kumafunika kupita msanga, osadikira kuti abwere okha atakwiya. Uwauze chimene ungalipire ndi tsiku lake, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, aliyense asayine. Ambiri timalowa m'nyumba pongogwirana chanza, ndiye pakabuka mkangano sipakhala chogwira. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti unalipira usamafufute. Ngati afika pozula chitseko kapena kutaya katundu panja, kadandaule kwa mfumu ya m'dera, ndipo zikakanika kuli khoti la majisitireti ndi a Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Pokalowa nyumba ina, unene pa tsiku loyamba kuti mukhala awiri, ndipo dzina la mng'ono wakoyo lilembedwe pa pepala lomwelo.